Vinyo wa Ukwati wa aLazaro Miti

ALazaro Miti anali okonza njinga. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango kumbali kwa msika wa Kapata, muno mu Chipata. Panali benchi, pampu, beseni la madzi akuda loonera pomwe chubu chabooka, ndi bokosi la masipanala lomanga ndi waya. Anyamata onyamula anthu pa njinga ankawadziwa onse. Ine ndine Alice, ndimagulitsa tomato. Ndinawadziwa aMiti kudzera mwa akazi awo, aZelipa, chifukwa tebulo langa ndi tebulo lawo la zipatso akhala oyandikana kuyambira mwana wanga Kondwani ali kumsana, ndipo ku Mchini komwe timakhala nyumba zathu zimayang'anana.

Kwawo kwa aMiti kunali ku Chiparamba. Ali mnyamata anakwatira mtsikana wa m'mudzi woyandikana nawo, dzina lake Yosefina, ndipo ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi. Sanakhalitse. Yosefina anapita ku Kitwe ndi munthu wina wogula mtedza, osabweranso. AMiti anadikira mpaka manyazi anawachotsa m'mudzi, n'kubwera kutauni kudzaphunzira za njinga. Kuno ndi kumene anakumana ndi aZelipa, omwe nthawi imeneyo ankayenda ndi nthochi pamutu. Ankhoswe anakhala pansi, banja linayamba, ndipo anabereka mwana mmodzi, Ruth.

Koma kutchalitchi aMiti anali adakali mwamuna wa Yosefina. Malinga Yosefinayo ali moyo, ukwati wawo ndi aZelipa sukanadalitsidwa, ndipo onse awiri sankaloledwa kulandira Ukaristia. Lamulungu lililonse ife tikamanyamuka kukaima pa mzere, iwo ankatsala pa benchi ya kumbuyo atagwada. AZelipa anali mwana wa katekisiti, ndiye nkhaniyi inkawadya mumtima kuposa mmene ankaonetsera. Ankasesa m'tchalitchi, ankaphika pa maliro a mphakati wathu, nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, koma kuguwa sankafikako. Zinakhala choncho zaka zoposa makumi atatu.

Nkhani ya vinyo inayamba ndi maapozi a aZelipa. Maapozi timagulitsa kunowa amachokera kutali, ku Joni, m'makatoni. Akamafika kuno amakhala atagwedezeka msewu wonse, ndiye apansi pa katoni amakhala otibuka, ena atada mbali imodzi. Wogula akangoona banga amabweza. AZelipa ankawatolera mu ndowa n'kupita nawo kunyumba, ena kudya, ena kutaya. Tsiku lina ndowa inaiwalika kuseri kwa chitseko nyengo yotentha, ndipo aMiti poivundukula anamva fungo.

"Amake Ruth, bwerani mudzanunkhize," anatero. "Izitu zikufuna kukhala mowa."

"Zikufuna kukhala nyansi. Katayeni."

Sanataye. Anasinja mu mtondo, kufinya pa nsalu, kuthira m'mabotolo n'kutseka zolimba. Patapita masiku, masana dzuwa lili pamutu, tinangomva kuphulika ngati mfuti. Ndinathamanga ndikuganiza kuti ndi magetsi. Ndinapeza aZelipa ataima pakati pa nyumba, thovu likutsika pakhoma, zidutswa za botolo zili mbwee, chithunzi cha Amayi Maria chitanyowa. Sanakalipe. Anangotenga chikolopa n'kuwapatsa amuna awo m'manja, iwo n'kubwera kudzakhala kwathu mpaka madzulo.

Ruth, yemwe amasoka zovala ku Lusaka, ndiye anawafotokozera bambo ake pa foni kuti chakumwachi azungu amachitcha saida, ndipo kuti chikamawira mpweya umafunika kutuluka koma wakunja usalowe. Kwa munthu wa machubu nkhani ya mpweya sinali yachilendo. Anatenga chigubu cha mafuta ophikira, kuchitsuka ndi madzi otentha mpaka fungo litatha, kuboola chotsekera, kulowetsa kapaipi kopyapyala n'kumata m'mbali ndi mphira wa chubu. Mbali ina ya kapaipiko anaimiza m'botolo la madzi. Chigubu chikayamba kuwira, m'botolomo munkamveka kuti bwu, bwu, bwu, ngati chule ali m'chitsime.

Pang'onopang'ono anaidziwa ntchitoyi. Mbali yoola ankaidula ndi mpeni kufika pabwino, chifukwa kachidutswa kamodzi koola kankawononga chigubu chonse. Anapanga chofinyira ndi jeke ya galimoto ndi matabwa awiri. Ankasakaniza maapozi ofiira otsekemera ndi obiriwira owawasa, kuwonjezera shuga pang'ono ndi yisiti wa mabanzi. Kuwira kukatha ankakoka vinyoyo ndi paipi mosamala, masese n'kutsala pansi, kenako m'mabotolo n'kuika pansi pa bedi pozizira. Kangapo zinawakanika, zinasanduka viniga, ndipo tonse pa mzere wathu tinadya ndiwo zowawasa mwezi wonse. Koma akakhoza, vinyoyo ankatuluka woyera ngati tiyi wopanda mkaka, wonunkhira bwino, wothetheka pa lilime.

Sankagulitsa. Anthu anawanyengerera kuti atsegule malo, iwo n'kukana. Ankapanga wa Khirisimasi, wa ubatizo wa mwana wa mnzawo, kapena mnyamata wa njinga akakwatira. Ankathira okha, theka la kapu, n'kukuyang'ana kumaso mpaka utameza. AZelipa okha ndi omwe sanalawepo. Anali atalonjeza kuti chakumwa choledzeretsa sichidzalowa pakamwa pawo Ukaristia usanalowe.

"Kungonyowetsa lilime kokha, amake Ruth," ankatero aMiti chaka ndi chaka. "Maapozi ake ndi anu omwe."

"Ndidzamwa pa ukwati wathu, bambo a Ruth," ankayankha, ndipo tonse tinkaseka, iwonso n'kuseka, chifukwa palibe ankaganiza kuti tsiku limenelo lilipo.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, aPaulo, mng'ono wawo wa aMiti yemwe anatsala ku Chiparamba, anaimba foni kunena kuti Yosefina wamwalira ku Kitwe ndipo abale ake apita kukaika maliro. AMiti anatseka bokosi la masipanala masana omwewo n'kupita kunyumba. AZelipa anandiuza kuti amuna awowo anakhala pakhonde mpaka nkhuku zinalowa. M'mawa mwake anapita kukapempha Misa ya mzimu wa Yosefina. Za ukwati sanatchule. AZelipa nawo sanafunse.

Khirisimasi itadutsa, aMiti anabwera pa msika atavala jekete. Anaima kutsogolo kwa tebulo la akazi awo ngati wogula.

"Mayi, ndimafuna ndikufunsireni," anatero. "Kaya muli ndi mwamuna kale?"

"Ndili naye, koma ndi wokalamba, amanunkha girisi."

"Musiyeni ameneyo. Ine ndachokera kwa abambo mfumu. Akuti Loweruka la pambuyo pa Pasaka."

AZelipa anakhala pansi pa katoni, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Amayi a mzere wonse tinaimba nthungululu mpaka ogula anaima kufunsa kuti kwagwanji.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inasintha. Ankapita limodzi ku maphunziro a ukwati, kukhala pa benchi imodzi ndi ana a msinkhu wa Ruth, ndipo aMiti ankabwerako akuseka kuti aphunzitsidwa mmene angakhalire ndi mkazi. Ruth anayamba kusoka diresi, kumatumiza zithunzi pa foni. AZelipa anakana loyera, anati iwo si mtsikana, anasankha la mtundu wa kirimu. APaulo analonjeza mbuzi.

Vinyo wa ulendo uno aMiti anakana kupangira maapozi otibuka. Anatenga makatoni osatsegula, abwino okhaokha. AZelipa anadandaula kuti n'kuwononga, koma iwo anati, "Mkazi wanga akulawa koyamba. Sangayambire zotola." Lamulungu loyamba la Lenti, titachoka ku Misa, tinathandizana kutsuka ndi kudula. Amuna anga anasinja, aMiti ali pa jeke, madzi a maapozi akutsikira m'beseni, njuchi zitatizungulira. Anadzaza chigubu chachikulu, kuchimata, n'kuchiika m'kachipinda kosungira makala. Chinayamba kuwira tsiku lotsatira.

Sabata yachiwiri ya Lenti aMiti anapalasa njinga kupita ku Chiparamba kukaona mbuzi ija ndi kukaitana abale. Anabwerako akudandaula mutu. AZelipa anawauza kuti apite kuchipatala akayezetse magazi, iwo anati ndi dzuwa chabe. M'mawa mwake anapita ku ntchito. Cha m'ma teni, akupopa tayala la njinga ya munthu, pampu inawapulumuka, anakhala pansi pang'onopang'ono n'kutsamira mtengo wa mango. Mwini njingayo ndiye anathamangira kwa ife. Titafika tinapeza kamwa lapotoka, diso limodzi likutiyang'ana, mawu osatuluka.

Kuchipatala anati ndi sitiroko, mtsempha waphulika m'mutu. Tsiku loyamba ankatsegula maso aZelipa akawaitana. Lachiwiri anasiya. Ruth anafika kuchokera ku Lusaka, diresi lili m'chikwama chifukwa analibe nthawi yolitulutsa. Ndi iye amene anati, "Amama, tiitane abambo mfumu. Munthu akadwala chonchi amatha kudalitsa ukwati pa bedi pomwepa."

Abambo mfumu anabwera masana, mvula ikugwa. Ndi munthu wachifundo, anabwera ndi zonse. Anawadzoza aMiti mafuta a odwala, kenako anatiitana ine ndi amuna anga kuti tikhale mboni. Anatifotokozera kuti mawu si ofunika kwenikweni, koma mkwati ayenera kuonetsa yekha kuti akuvomera, ngakhale ndi chala. AZelipa anaika dzanja lawo m'dzanja la amuna awo. Abambo mfumu anawerama pafupi ndi khutu.

"ALazaro, ndine bambo mfumu. AZelipa ali pano, akugwirani dzanja. Ngati mukuvomera kuti akhale mkazi wanu pamaso pa Mulungu, finyani dzanja lawo."

Tinadikira. M'wodimo odwala ena ndi owadikirira anakhala chete, mayi wina anazimitsa wailesi yake.

"Bambo a Ruth," anatero aZelipa, "ndi ine. Finyani pang'ono pokha. Mumafinya maapozi katoni yonse, mulephere dzanja langa?"

Abambo mfumu anafunsanso, ndipo anafunsanso kachitatu mokweza. Kenako anawayang'ana aZelipa. "Amayi, mwamva kanthu?"

Ine ndinkapemphera mumtima kuti angonena kuti inde. Dzanja linali lawo, palibe akanawatsutsa. Ruth ankawayang'ana mayi ake misozi ili mbwembwembwe, akugwedeza mutu kuwalimbikitsa. AZelipa anatseka maso nthawi yaitali, akumvetsera ndi dzanja lawolo.

"Ayi, abambo," anatero. "Sanafinye."

Abambo mfumu anati abweranso m'mawa kudzayesanso. AMiti anamwalira madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Maliro anayambira kunyumba ku Mchini tisanapite nawo ku Chiparamba. Amayi tinadzaza m'nyumba, mipando itatulutsidwa. Nyimbo ikatha, pakakhala kachetechete, kuchokera m'kachipinda ka makala kunkamveka bwu, bwu, bwu. Alendo ankayang'anana, osadziwa kuti n'chiyani. Ife odziwa tinkayambitsa nyimbo ina msanga. AZelipa anakhala pa mphasa atatsamira khoma la kachipindako, ndipo sanalole kuwasuntha.

APaulo atamva za chigubucho anabwera kudzagwada pafupi nawo. "Mlamu, tinyamule chakumwachi tikawapatse adzukulu okumba manda. Mwini wake wapita, chikhaliranji?"

"Sichinapse, alamu."

"Adzukulu sasankha."

"Ndati sichinapse. Anati chisatsegulidwe chikuwira. Musachikhudze."

Aka kanali koyamba kumva aZelipa akukweza mawu kwa munthu wa kuchimuna. APaulo anadzuka n'kutuluka panja, ndipo kuyambira pamenepo panalowa kamphepo pakati pawo. Kumanda, wolankhula m'malo mwa banja anatchula malemu Yosefina kuti ndiye anali mkazi wa ukwati, ndipo aZelipa anawatchula kuti "mayi amene amawasunga kutauni." Ruth anafuna kuimirira, ine ndinamukoka chitenje.

Titabwerera, chigubu chinapitiriza kuwira, koma mochepa. AZelipa ankandiuza kuti m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko ankayamba aima pa kachipindako kumvetsera. Tsiku lina anabwera kwathu m'mamawa, maso ali ofiira.

"Amake Kondwani, chasiya."

Ndinapita nawo. Madzi a m'botolo anali bata. Analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira kumanda, ndipo ku msika sanapite.

Sabata Loyera lisanafike abambo mfumu anawayendera. Anawauza mofatsa kuti tsopano palibe chowaletsa, akhoza kulapa n'kulandira Ukaristia pa Pasaka. AZelipa anathokoza mwaulemu, anawaperekeza mpaka pa msewu. Atabwerera anandipeza ndikuchapa.

"Mwamva? Akuti tsopano ndine woyera," anatero. "Chimene chimandidetsa chinali bambo a Ruth. Achoka, ndayera." Anakhala pa mwala. "Zaka zonsezi ndimapempha kuti ndidzalandire ndisanafe. Sindinanene kuti awachotse. Kapena ndinapempha molakwika?"

Ine ndinapitiriza kuchapa. Pa Pasaka aZelipa anapita ku Misa, koma mzere utayamba anatsala pa benchi yawo ya kumbuyo, atagwada.

Loweruka la ukwati linafika kuli dzuwa labwino. Ruth anali atabweranso. AZelipa anatiitana ine ndi amuna anga kuti tikawathandize kukoka vinyo, chifukwa anali ataona amuna awo akuchita koma sanagwirepo. Tinatsuka mabotolo ndi madzi otentha. Tinakweza chigubu pa tebulo mosagwedeza. Kuti vinyo ayambe kuyenda m'paipi pamafunika kuyamwa ndi pakamwa, ndipo amuna anga atatambasula dzanja, aZelipa anawaletsa. Anayamwa okha. Vinyo anawafika pakamwa mwadzidzidzi, anatsamwa, ena anatsikira pachibwano, koma anameza.

"Ali bwanji, amama?" anafunsa Ruth.

Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Kodi amakoma chonchi?" anatero. "Zaka zonsezi amandipempha." Anapatsa Ruth paipi n'kutuluka panja, ndipo mabotolo tinadzaza tokha.

Madzulo ake anatuma Ruth kuti apereke botolo ku nyumba iliyonse yomwe inaitanidwa ku ukwati. Anyamata a njinga anamwera lawo pansi pa mtengo wa mango, ataimika njinga zawo mozungulira, osaseka ngati kale. Limodzi analitumiza ku Chiparamba kwa aPaulo. Jeke ndi matabwa anapatsa amuna anga, omwe anayesa kamodzi n'kutulutsa viniga, osayesanso.

AZelipa analandira Ukaristia patapita miyezi, pa Misa ya m'kati mwa sabata, m'tchalitchi muli anthu ochepa. Sanauze munthu. Ndinamva kwa mayi wina wosesa nawo, ndipo sindinawafunse.

Ruth wakhala akuwakakamiza kuti asamukire ku Lusaka, koma akukana. Akuti ku Lusaka n'kutali ndi Chiparamba. Pa msika amabwera masiku onse, ngakhale anaonda ndipo sachedwa kutopa. Mwezi wathawu anakwera minibasi kupita kukalambula pa manda, ndipo ali komweko anapempha aPaulo kuti tsiku lawo likadzafika adzawaike pafupi ndi amuna awo. Atabwerako ndinawafunsa kuti ayankhidwa zotani.

"Akuti manda ndi a banja, ndiye akambirana kaye ndi akuluakulu," anatero. "Akuti adzandiimbira."

Mpaka lero sanaimbe. Foni amaiika m'thumba la epuloni, ndipo ikalira amasiya wogula ali chiimire.